Ogogoda pakhomo nawonso apatsidwe mpando

Lero tipite kutali pang'ono, ku dziko la Turkey, kumene anthu ambiri ndi Asilamu.

Kumeneko boma linkaletsa akazi ovala mpango kumutu kulowa m'mayunivesite ndi kugwira ntchito za boma. Chiletsochi chinakhwima mu 1997, ndipo atsikana ambiri anasiyira maphunziro panjira pokana kuvula mpango. Mu 1999 Mayi Merve Kavakçı anasankhidwa kukhala phungu, koma atalowa m'Nyumba ya Malamulo atavala mpango, aphungu ena anawakuwiza mpaka sanalumbire. Ife tikuti boma linalakwa. Mutu ndi wa mwini wake.

Koma nkhaniyi ili ndi mbali ina. Amayi opemphera ndiwo anakweza chipani cha Chisilamu cha Refah. Ankayenda khomo ndi khomo, kucheza ndi amayi anzawo m'nyumba ndi kulemba mamembala. Thukuta lawo linathandiza a Erdoğan kukhala mfumu ya mzinda wa Istanbul mu 1994. Chaka cha 1995 chipanichi chinaposa zipani zonse pa chisankho, koma mwa aphungu ake munalibe mkazi ngakhale mmodzi. Olima anali amayi, okolola anali abambo.

Mu 2013 boma la a Erdoğan linachotsa chiletsocho m'ntchito zambiri za boma, ndipo aphungu anayi achikazi analowa m'Nyumba ya Malamulo ndi mipango yawo. Boma lomwelo mu 2021 linatulutsa dzikolo m'pangano la ku Istanbul loteteza akazi ku nkhanza. Mpango unamasulidwa, koma mkazi womenyedwa m'nyumba anatsala ndi funso lake.

Alipo amayi Achisilamu amene safuna kusankha pakati pa chikhulupiriro ndi ufulu. Mayi Hidayet Şefkatli Tuksal anafufuza mawu onyoza akazi amene amaperekedwa m'dzina la chipembedzo. Mayi Konca Kuriş, amene ankalankhula poyera za ufulu wa akazi m'Chisilamu, anabedwa ndi zigawenga mu 1998, ndipo mtembo wawo unapezeka mu 2000.

Nanga kuno kwathu? Pa misonkhano ya zipani ovina ndi oimba ndi amayi. Tsiku lolemba mayina a opikisana nawo likafika, amayi athu afunse: dzina lathu lili pati?