Tisiye kunyamulira anthu nyali m'malo mwa kompyuta

Akuluakulu a pa gulu lino, amayi a geni ndi abambo a mathiraki, lero tiyankhula mosapsatira ndipo ena mwa ife zitiwawa. Sabata iliyonse pano pamabwera chithunzi cha mtundu umodzimodzi: bokosi lagalasi, mafani owala mofiira ndi mobiriwira, m'munsi mwake alembapo kuti kompyuta ya magemu, i7, zonse zilipo, mtengo tikambirana. Anthu n'kuyamba kulimbirana. Ifenso tinalimbirapo nawo. Tinanyamula bokosi lotere kuchokera ku Johannesburg, kudzera Beitbridge, Nyamapanda, Tete mpaka Mwanza, n'kukalipereka kwa mnyamata amene anasunga ndalama chaka chathunthu kuti atsegule malo osewerera mpira wa pa kompyuta. Atayatsa, nyali zinawala bwino lomwe, koma osewera m'bwalomo ankathamanga ngati akukoka miyendo m'matope. Tinamubwezera theka la ndalama, ndipo mpaka lero amayi ake tikakumana amangotiyankha moni wapakamwa.

Tiyambe ndi i7 ameneyu, chifukwa ndi amene watibetsa kwambiri. Munthu akakuuzani kuti akugulitsa Scania, simutulutsa ndalama musanafunse modelo ndi chaka. Nanga pa kompyuta nzeru imeneyi imathawira kuti? Dzina loti i7 palokha silinena kanthu. Pali i7-2600 ya 2011, pali i7-3770 ya 2012, ndipo zimenezi ndi zomwe zadzaza m'mabokosi owalawa, zitachotsedwa m'makompyuta akale a m'maofesi. Pa magemu, i3-12100F ya 2022 imazisiya kutali ngakhale dzina lake likumveka laling'ono. Yang'anani manambala a kutsogolo kwa kamzere: 2600 ndi m'badwo wachiwiri, 3770 wachitatu, 12100 wa nambala 12. Windows 11 imafuna purosesa ya Intel kuyambira m'badwo wa nambala 8, ndipo Microsoft inasiya kusamalira Windows 10 pa 14 Okutobala 2025. Wogulitsa amene sakufuna kukuuzani manambalawo akudziwa chimene akubisa.

Koma ngakhale purosesa si imene ikoka katundu pa gemu. Hosi ya kompyuta ya magemu ndi graphics card, ndipo ndalama zikachepa ndi pamene ziyenera kupita koyamba. Ife timati pa R10 iliyonse, R4 ipite ku khadi imeneyi, zotsalazo zigawane zina zonse. Ogulitsa mabokosi owala amachita zosemphana: ndalama amazithera pa galasi ndi mafani, mkatimo n'kuikamo GT 710 kapena GT 730, makhadi oti ntchito yake ndi kuonetsa Word ndi YouTube basi. Akakuonani mukukayika amakuuzani kuti ili ndi 4GB. Thanki yaikulu ya dizilo simapangitsa injini yofooka kukwera phiri, madalaivala mukudziwa. GT 730 ya 4GB ndi yofooka chimodzimodzi. Amene akufuna kusewera EA Sports FC, yomwe tonse timangoitchabe FIFA ngakhale dzina linasintha mu 2023, kapena GTA V, Fortnite, ngakhale Euro Truck Simulator 2 imene ena a inu mumaisewera mukapuma pa ulendo (sitikumvetsa kuti munthu wotopa ndi msewu wa Tete amakayendetsanso thiraki pa sikirini, koma ndi zanu), ayambire pa GTX 1660 Super ya 6GB kapena RX 6600 ya 8GB. Ngati thumba likulola, RTX 3060 ya 12GB.

Khadi yogwiritsidwapo kale ntchito sitikuikana, ndipo pa ndalama zochepa nthawi zambiri ndi njira yokhayo. Kungoti mudziwe mbiri yake. RX 580 ya 8GB inatuluka mu 2017 ndipo zambiri zinagwira ntchito yokumba ndalama za pa intaneti usiku ndi usana osazimitsidwa. Ethereum itasiya kukumbidwa ndi makhadi mu Seputembala 2022, zinakhuthukira pa msika. Zina zikadali zamphamvu, zina zatsala mpweya wokha. Palinso makhadi achinyengo, akalekale koma owalemba dzina latsopano. Musagule pa msewu kapena pa windo la galimoto. Wogulitsa ayiike mu kompyuta inu mukuona, atsegule pulogalamu yaulere ya GPU-Z kuti dzina lenileni lioneke, ndipo gemu iyende theka la ola. Mukaona timizere pa sikirini, mafani akulira ngati chigayo, kapena kompyuta yazima yokha, bwezani ndalama m'thumba. Wokana kuyesa, musiyeni ndi katundu wake.

Tikudziwa zimene ena mukuyankha muli pa foni. Mukuti kasitomala ndiye anapempha i7 yowala, ife ndife onyamula chabe. Ayi, abale. Munthu wa ku Ndirande, ku Area 25 kapena ku Chipata amene wakutumizirani ndalama sanakuoneni ngati ngolo. Wakutumani chifukwa inu ndi amene muli ndi maso ku Joni. Zikakanika sakadandaula kwa wogulitsa amene sadzamuona, adzabwera pa khomo panu. Ena mukuti ndi masewera a ana, chilichonse chikwana. Kompyuta yomweyo ndi imene mwana akaphunzirirepo kujambula mapulani, kukonza makanema a maukwati, kapena kulipiritsa anzake pa mpira kuti apeze ya sopo. Ndalama zimene zalowapo zikanagula matumba angati a feteleza? Chikomekome cha mkuyu tonse timachidziwa, koma tikafika mu shopu timachiiwala.

Chachiwiri chimene sitilola kunyengerera ndi power supply. Ndi kabokosi kosaoneka, n'chifukwa chake ogulitsa amaikapo chilichonse chopepuka ngati chitini chopanda dzina, cholembedwa 700W zabodza. Kwathu magetsi amazima ndi kubwera mwamphamvu mosachenjeza, ndipo power supply yachabechabe ikapsa imatenga motherboard ndi khadi yomwe. Gulani ya dzina lodziwika monga Corsair, Seasonic kapena Cooler Master, ya 550W yokhala ndi chizindikiro cha 80 Plus Bronze, yatsopano. Pa chinthu ichi chokha musagule chakale. Muonjezerepo surge protector, ndipo wa bizinesi aganizire za UPS. Mphamvu ya magetsi ku South Africa ndi kwathu ndi yofanana, 230V, koma pulagi yawo ndi ya mano ozungulira pomwe yathu ndi ya mano a makona, choncho sinthani chingwe m'malo molumikiza mawaya ndi pepala la pulasitiki.

Zotsalazo n'zosavuta bola zigwirizane. Ryzen 5 5600 ndi purosesa yabwino ya munthu wa ndalama zochepa: imalowa pa soketi ya AM4, pa bodi ya B550 kapena B450, ndipo imadya RAM ya DDR4. Ngati bodi ndi B450, funsani ngati BIOS yake anaikonza kale kuti ilandire Ryzen 5000, apo ayi mukafika nayo ku Lilongwe sikirini ili bii. Mabodi a AM5 amafuna DDR5 yokha, ndipo DDR4 singalowe pa malo a DDR5 ngakhale muikankhe bwanji. Ryzen 5 5600 ndi purosesa za Intel zothera ndi F sizionetsa chithunzi popanda graphics card. Ngati ndalama ya khadi palibiretu, Ryzen 5 5600G imaonetsa yokha ndipo imayendetsa magemu opepuka, khadi n'kudzabwera ulendo wina. RAM ikhale 16GB, timitengo tiwiri ta 8GB osati kamodzi, ndipo yopanda nyali imagwira ntchito mofanana ndi yowala. SSD ikhale ya 500GB kapena 1TB, popeza magemu ena a masiku ano amapitirira 100GB imodzi yokha. Ndipo amene mukuganiza zogula kompyuta yaing'ono ya mu ofesi, monga Dell OptiPlex yopyapyala ija, kuti mudzaikemo khadi yaikulu, yezani kaye: malo ndi ochepa ndipo power supply yake ndi yaing'ono.

Bokosi likhale lomaliza pa mndandanda, ndipo ngati likupezeka kwanu ligulidwe komweko. Galasi silikondana ndi mabampu, komanso limadya malo a katundu wolipira. Zida zinyamulidwe chilichonse m'katoni yake. Ngati mwakakamizika kunyamula kompyuta yomanga kale, chotsani graphics card muikulunge payokha, chifukwa ikamalendewera pa bodi ulendo wa masiku atatu imathyola malo ake olowera. Musaike mu thirela ya basi pansi pa mabelo, kapena pafupi ndi zigubu za mafuta ophikira. Malisiti okhala ndi serial number muwasunge pamodzi ndi pasipoti: pa boda amakuthandizani kuonetsa mtengo weniweni polengeza katundu, ndipo chinthu chikafa ndi okhawo angakubwezereni ku shopu ulendo wotsatira.

Kuyambira lero, aliyense woika kompyuta ya magemu pa gulu lino alembe dzina lonse la purosesa ndi manambala ake, dzina la graphics card, kukula kwa RAM, SSD, ndi dzina la power supply. Chithunzi cha mafani chokha tizichifunsa mafunso poyera, pamaso pa onse, ngakhale mwini wake akhale mnzathu wodya naye nsima pa Beitbridge. Ndipo amene mwatumidwa koma simukuzimvetsa, jambulani mndandanda umene akupatsani mu shopu, muuike pano musanalipire. Pali achinyamata pa gulu lino amene amamanga makompyuta tsiku ndi tsiku, akuyankhani basi isananyamuke pa Park Station.