ZA M'MAIKO AKUTALI: Lamborghini Ikakamirabe Petulo

Alimi ambiri sadziwa kuti kampani ya Lamborghini ya ku Italy, yopanga magalimoto a liwiro loopsa, inayambira kumunda. Mwini wake woyamba, Ferruccio Lamborghini, anali kupanga mathirakitala asanatsegule fakitale ya magalimoto mu 1963.

Mu 2023 kampaniyi inatulutsa Revuelto, galimoto yoyenda ndi petulo pamodzi ndi magetsi a m'batire. Mu 2024 kunabwera zina ziwiri za mtundu womwewo, Urus SE ndi Temerario.

Mkangano unabuka pa yacinai, yochedwa Lanzador. Poionetsa mu 2023, akuluakulu anati idzayenda ndi magetsi okhaokha kuyambira mu 2028, koma pambuyo pake anakankhira ku 2029. Mu 2025 mkulu wa kampaniyi, Stephan Winkelmann, anabvomera kuti nayonso mwina idzafuna petulo. Cifukwa cake n'cosabisika: olemera ogula magalimotowa amalipiranso mkokomo wa injini, pamene batire ilibe mau.

Nkhaniyi ikukhudzanso migodi ya ku Copperbelt, pakuti galimoto ya magetsi okhaokha imadya mkuwa wambiri kuposa yosakaniza.