Lumo Si Mphunzitsi wa Tsitsi

Chaka chilichonse mayeso a Fomu 4 akangotha, pamisika ya m'boma la Chiradzulu pamaoneka zinthu zofanana. Pa Mbulumbuzi, pa Namitambo, pa Namadzi ngakhalenso pa Boma penipeni, atsikana amene angovula yunifolomu amadikirirana pamakonde a oluka tsitsi. Kwa zaka 12 mitu yawo idazolowera lumo, ndipo tsopano akufuna kuoneka ngati akuluakulu. Palibe cholakwa pa chimwemwe chimenechi. Chomvetsa chisoni nchakuti ambiri mwa iwo amatuluka m'sukulu asanaphunzire ndi tsiku limodzi lomwe kasamalidwe ka tsitsi.

Mwambo wometa ana a sukulu udayamba kalekale. M'zaka za m'ma 1970 lamulo la dziko lino lidafika mpaka poletsa amuna kusunga tsitsi lalitali, ndipo sukulu za boma zidagwiritsitsa mwambo wometa ngakhale lamulolo litatha. M'mwezi wa Meyi chaka cha 2023, khoti lalikulu ku Zomba, kudzera mwa woweruza Zione Ntaba, lidagamula kuti ana a Chirasta aloledwe kuphunzira m'sukulu za boma osameta tsitsi lawo. Chigamulo chimenechi chidaonetsa poyera kuti sukulu singathe kudalira lumo mpaka muyaya. Kumeta mwana kumabisa umbuli wake pa za ukhondo wa m'mutu, koma sikuuchotsa ayi.

Choyamba chimene wophunzira aliyense ayenera kudziwa nchakuti tsitsi limakula kuchokera ku mizu imene ili m'khungu la mutu. Limatalika pafupifupi sentimita imodzi pamwezi, ndipo palibe mafuta a m'botolo amene angalifulumizitse. Munthu ali ndi tsitsi pafupifupi 100,000 m'mutu mwake, ndipo kuthothoka kwa tsitsi 50 kapena 100 patsiku si matenda. Amene amadandaula kuti tsitsi lawo silikula, kawirikawiri limakula ndithu, koma limaduka kunsonga kaamba ka kuuma ndi kupesa mwankhanza.

Popeza tsitsi limamangidwa ndi zakudya zomanga thupi, chisamaliro chake chimayambira m'mbale. Nandolo, nyemba, khobwe, nsinjiro, mazira, matemba ndi ndiwo zamasamba monga bonongwe ndi chisoso, zonsezi zimapezeka m'midzi ya kwa Kadewere, kwa Likoswe ndi kwa Mpama. Mwana amene tsitsi lake lafiira ndi kupyapyala sakusowa mafuta odzola. Akusowa chakudya, ndipo mphunzitsi watcheru ayenera kulangiza makolo ake kuti apite naye kuchipatala.

Chachiwiri ndi ukhondo. Kutsuka m'mutu kamodzi pasabata ndi sopo wosambira nkokwanira kwa anthu ambiri, koma sopo waufa wochapira zovala amaumitsa tsitsi ndi kuyabwitsa khungu. Tsitsi lopotana limafuna kupesedwa likadali lonyowa pang'ono, ndi chipeso cha mano otalikirana, kuyambira kunsonga kutsikira kumizu. Mafuta pang'ono, ngakhale a nsatsi amene makolo akale ankadzola, amathandiza kuti lisaume. Usiku nkwabwino kumanga duku losalala kuti tsitsi lisakhuzike pamkeka kapena pabulangete.

Chachitatu ndi matenda opatsirana. Chipere cha m'mutu, chimene chimasiya mabwalo oyera m'mitu ya ana a pulayimale, chimayenda kudzera pa chipeso, chipewa, lezala ndi makina ometera. Wometa amene sapukuta makina ake ndi spiriti asanamete munthu wina angathe kugawira chipere kalasi yonse tsiku limodzi. Lezala imodzi yometera anthu angapo ndi yoopsa koposa, pakuti ikacheka khungu ingathe kufalitsa matenda oyenda m'magazi, monga a chiwindi otchedwa Hepatitis B. Chipere cha m'mutu sichimva mankhwala opaka okha. Chimafuna mapiritsi akumwa kwa masabata angapo, motero malo oyenera kupitako ndi chipatala cha boma cha Chiradzulu, cha mishoni ku Nguludi, kapena chipatala chaching'ono chapafupi. Kupaka mafuta a galimoto kapena phulusa nkungowonjezera zilonda.

Ngozi yaikulu kwa otsiriza sukulu ili pa kuluka ndi kuwotcha tsitsi. Mankhwala ambiri owongolera tsitsi amakhala ndi soda wamphamvu, yemweyo amene amagwiritsidwa ntchito popanga sopo. Akakhalitsa m'mutu amatentha khungu ndi kufooketsa tsitsi. Tsono tsitsi lofooka kale likalukidwa mothina, nkulendewetsako meshi yolemera, mizu yake imazuka pang'onopang'ono, makamaka pamphumi ndi pamwamba pa makutu. Kafukufuku amene Dr Nonhlanhla Khumalo ndi anzake adasindikiza mu 2007, atapima anthu ku Cape Town m'dziko la South Africa, adapeza vuto limeneli mwa atsikana a sukulu 17 pa 100 aliwonse, ndiponso mwa amayi pafupifupi 32 pa 100 aliwonse. Vutoli likazindikirika msanga tsitsi limameranso, koma mizu ikafa dazi lake nlamuyaya. Akuluakulu adati chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere.

Chizindikiro chake nchosavuta kuchidziwa. Kuluka kumene kukupweteketsa mutu, kutulutsa tiziphuphu m'mbali mwa mphumi, kapena kulepheretsa munthu kugona, kwathina mopyola muyeso ndipo kuyenera kumasulidwa tsiku lomwelo, ngakhale ndalama zitalowa kale. Malukidwe amodzi asapitirire miyezi iwiri, ndipo tsitsi lipumitsidwe lisanalukidwenso. Amene wawotcha tsitsi asathamangire kuluka sabata yomweyo.

Udindo waukulu uli m'manja mwa aphunzitsi. Mphindi zimene amathera pamzere wam'mawa kuyang'ana amene sanamete angathe kuzigwiritsa ntchito poona zipere, nsabwe ndi mfundu, ndi pofotokozera ana zifukwa zake mosawachititsa manyazi pamaso pa anzawo. Mwana wobwezedwa kunyumba kaamba ka tsitsi amataya phunziro la tsikulo, ndipo amabwerako atametedwa ndi lezala yobwereka. Makomiti a sukulu nawonso angathe kukambirana ndi ometa a pamisika yoyandikana nawo za kutsuka zida zawo.

Mmera mpoyamba. Mtsikana kapena mnyamata amene waphunzira zimenezi akadali pasukulu adzatha kuuza woluka kuti afewetse dzanja, ndi kupempha wometa kuti apukute makina, popanda kuchita manyazi.