Madzi Oyenda Salimbana Nawo

Kuzilumba za Bazaruto, m'nyanja ya mchere ya ku Mozambique, kuli masewera osambira pansi pa madzi. Osewerawo amabereka botolo lachitsulo lodzaza mpweya, navala magalasi kumaso ndi zopalasira kumapazi. Akatsika pansi salimbana ndi madzi oyenda. Amalola kuti madziwo awatenge pang'onopang'ono, iwo akuona nsomba ndi matanthwe a korali. Matanthwe amenewa amamangidwa ndi tizamoyo tating'onoting'ono ta m'madzi a mchere.

M'nyanja ya Malawi mulibe korali chifukwa madzi ake alibe mchere. Komabe anthu amasambira pansi pa madzi ku Nkhata Bay ndi ku Cape Maclear m'boma la Mangochi, kumene boma linakhazikitsa malo otetezera nsomba m'chaka cha 1980. Kumeneko amaona mbuna, tinsomba ta mawanga okongola tokhala m'miyala.

Ena amati awa ndi masewera a alendo olemera, ndipo mwana wa ku Phalombe alibe nawo kanthu. N'zoona kuti zipangizo zake n'zokwera mtengo, ndiponso madzi a m'nyanja ya Chilwa ndi amatope, mwakuti munthu sangaone kanthu pansi pake. Koma malamulo a masewerawa ndi aulere, ndipo angathe kupulumutsa moyo.

Wosambira pansi pa madzi amayamba waphunzira kwa mphunzitsi. Salowa m'madzi yekha, amakhala awiriawiri. Asanalowe amafunsa eni dera kumene madzi akulowera, ndipo bwato limawatsatira pamwamba. Madzi akakula mphamvu tsiku limenelo, ulendo umalephereka, ndipo palibe amene amamuseka kuti ndi wamantha.

Nzeru zimenezi n'zofunika ku Phalombe. Mitsinje ya Phalombe ndi Sombani imachokera m'phiri la Mulanje, ndipo mvula ikagwa kuphiri imadzaza mwadzidzidzi, ngakhale kumudzi kuli dzuwa. M'mwezi wa Malichi 2023 namondwe wa Freddy anasefukiritsa mitsinje m'bomali, ndipo anthu ambiri anataya miyoyo.

Makolo ena amaletsa ana kuphunzira kusambira poopa ngozi. Mantha awo ndi omveka, koma mwana sangaleke kuwoloka mtsinje popita kusukulu kapena kuchigayo. N'kwabwino kuti aphunzire kusambira pamalo osaya, opanda ng'ona, wamkulu ali pomwepo. Aphunzirenso kuti mtsinje wodzaza sawoloka; amadikira kuti uphwe. Ngati madzi amukokolola, asalimbane nawo, koma asambire chopingasa motsatira madziwo mpaka afike kugombe. Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Mwana wofunsa za madzi asanaponde m'mtsinje adzafika kwawo ali moyo.

Mafunso
1. Kodi korali amamangidwa ndi chiyani?
2. Tchulani malamulo atatu a osambira pansi pa madzi.
3. N'chifukwa chiyani mtsinje wa Phalombe umadzaza ngakhale kumudzi kuli dzuwa?