Baluni ikafufuma mosayembekezereka, lembani zomwezo

Anzanga, pempho langa ndi limodzi: mukachita experiment, muzilemba zimene mwaona, osati zimene mukuganiza kuti aphunzitsi akufuna. Ine anandiphunzitsa zimenezi ndi yisiti.

Tsiku lina ndinathira madzi ofunda m'mabotolo atatu, lililonse ndi supuni imodzi ya yisiti wa mandasi. Loyamba ndinaonjezeramo shuga wamba, lachiwiri timapaketi ta sucralose, zotsekemeretsa zija ena amathira mu tiyi m'malo mwa shuga. Lachitatu sindinaonjezeremo kanthu. Kenako ndinaveka baluni kukamwa kwa botolo lililonse.

Yankho ndinkalidziwa kale. Yisiti ndi kachamoyo ka selo imodzi, ka m'gulu la bowa. Kali ndi enzyme yotchedwa invertase, imene imadula shuga wamba, sucrose, kukhala glucose ndi fructose. Pa fermentation, molecule imodzi ya glucose imatulutsa ma molecule 2 a ethanol ndi 2 a carbon dioxide. Mpweya umenewu ndi umene umafufumitsa mandasi.

Sucralose amapangidwa kuchokera ku sucrose yemweyo, kungoti pamalo atatu anaikapo chlorine. Kwa ife amatsekemera pafupifupi ka 600 kuposa shuga, koma yisiti alibe lilime. Enzyme yake imayendera kaumbidwe ka molecule, ndiye sucralose imamulephera. Choncho baluni yachiwiri inayenera kukhala lende ngati yachitatu.

Koma ayi ndithu, inafufuma pang'ono! Kunena zoona, ndinatsala pang'ono kulemba kuti "palibe chinachitika". Mwamwayi ndinayamba ndawerenga kuseri kwa paketi, ndipo ndinapeza mawu akuti dextrose. Ameneyu ndi glucose yemwe uja. Poti sucralose amafunika wochepetsetsa, opanga amasakanizamo dextrose kuti paketi ikhale ndi kanthu kothira. Yisiti anadya dextroseyo, sucralose n'kumusiya.

Wina anganene kuti, "Nanga malikisi? Mayeso amafuna za m'buku." Bukutu silinaname, ngakhalenso baluni sinaname. Cholakwika chinali ganizo langa lakuti m'paketimo munali chinthu chimodzi chokha. Ndikanabisa zotsatirazo, bwenzi mpaka pano ndisakudziwa zimene anthu amathira mu tiyi wawo.

Kayeseni nokha, ndipo musaiwale botolo lachitatu lija, chifukwa popanda ilo mulibe poyerekezera. Baluni ikakutsutsani, lembani kaye, kenako mufufuze chifukwa chake.