Mukuti chipatala ndi chaulere, nanga dokotala wa amayi ali kuti?

Funso limene limabwera kwambiri ku inbox kuno ndi ili: ndingampeze kuti dokotala wa matenda a amayi wosafuna ndalama? Yankho lake ndi lochititsa manyazi. Amene ali ndi khadi ya MASM kapena ndalama m'thumba aonana naye mawa lomwe. Enafe tiyambe tafunsa kaye mtengo wa minibasi.

Boma limati zipatala zake ndi zaulere. Inde, pawindo sitilipira. Koma madokotala amene anaphunzira mwapadera za uchembere ndi matenda a amayi, ambiri a iwo ali ku zipatala zazikulu zinayi: ku Gulupu ku Blantyre, Kamuzu Central ku Lilongwe, Zomba ndi Mzuzu. Mayi wa ku Nsanje ayende makilomita oposa 150. Wa ku Chitipa, oposa 300. Ndipo sungangodzuka n'kupita. Uyambire pa chipatala chaching'ono, akulembere kalata ya ku chipatala cha pa boma, kumeneko akulemberenso ina. Paliponse pamenepo ndi thiransipoti, ndi chakudya cha gadiyani, ndi tsiku limene sunapite kumunda kapena kumsika. Ukafika akuuze kuti kiliniki ya amayi si lero, ubwere sabata ya mawa. Ugone kuti? Zaulere zake ndi zimenezi?

Asatimve molakwa ma clinical officer ndi anamwino athu. Ndi iwowa amene akuchita maopareshoni a amayi oyembekezera m'zipatala za m'maboma usiku ndi usana, nthawi zina opanda zipangizo zokwanira. Tikuwavulira chipewa. Koma pali matenda amene amafuna katswiri: zotupa za m'chiberekero, kutaya magazi kosalekeza, kusabereka, khansa ya khomo la chiberekero. Khansa imeneyi Malawi ali m'gulu la mayiko amene ikupha amayi kwambiri pa dziko lonse. Siidikira kalata. Mayi akamazungulira ndi buku lake la kuchipatala, iyo ikukula.

Taonaninso pamene boma limatikumbukira. Lili ndi mgwirizano ndi zipatala zina za mishoni za CHAM kuti mayi woyembekezera athandizidwe osalipira. Ndi chinthu chabwino, sitikukana. Koma ukangochira, mwana n'kukula, basi wasanduka kasitomala wamba. Chiberekero chomwecho chikayamba kupweteka uli ndi zaka 45, tulutsa ndalama. Kodi mayi amakhala munthu akakhala ndi pakati pokha?

Chowawa kwambiri ndi chakuti katswiri amene wamudikira miyezi ku chipatala cha boma, mnzako wa ndalama amamupeza madzulo ku chipatala cholipira, pa mpando wa wofuwofu. Dokotalayo sitimuda, nayenso ali ndi ana a fizi. Mlandu ndi wa amene amapanga bajeti. Mayiko a mu Africa analonjeza ku Abuja mu 2001 kuti 15 peresenti ya bajeti izipita ku zaumoyo. Lamulo lathu la Gender Equality Act la 2013 likuti thandizo la uchembere wabwino ndi ufulu wa munthu aliyense. Silinati ufulu wa okhala ku Area 47 kapena ku Namiwawa okha ayi.

Ena akuti dikirani inshuwalansi ya boma, ngati NHIMA ya anzathu a ku Zambia. Ibwere, tiilandira. Koma khadi siyeza munthu. Ungakhale nayo m'chikwama, ngati pa boma pako palibe dokotala, ukwerabe minibasi yomwe ija.

A Unduna wa Zaumoyo, zimene tikufuna si zapatali. Katswiri wa matenda a amayi azifika pa chipatala cha boma lililonse mwezi ndi mwezi, ndipo tsikulo lilembedwe pakhomo m'chilankhulo cha anthu a kumeneko ndi kulengezedwa pa wailesi za m'madera. Chipatala cha mishoni chimene chili pa mgwirizano chimate pakhoma thandizo limene ndi laulere, kuti wina asalipitsidwe m'chimbulimbuli. Madokotala amene akumaliza maphunziro a ukatswiri ku KUHeS apatsidwe nyumba, malipiro ndi zipangizo zoti angakhalire ku Mangochi kapena ku Karonga.

Amayi anzanga, lembani m'munsimu boma lanu ndi nthawi imene munadikira kuti muonane ndi katswiri. Dzina la munthu musatchule. Aphungu anu atageni, awerenge okha.