Laputopu Yopepuka: Kodi Ipepukira Yani ku Tsangano?

Munthu wa ku Tsangano safunika kuphunzitsidwa za kulemera kwa katundu. Amadziŵa mmene thumba la mbatata ya kachewere limakhalira pa njinga, amadziŵanso mmene chitunda chimatalikira pamene mvula yagwa ndipo matope agwira mateyala. Nchifukwa chake mbiri ya makompyuta atsopano opyapyala, amene amalonda amawatama kuti ndi opepuka ngati buku la sukulu, imafika m'makutu a aphunzitsi, alangizi a zaulimi ndi ophunzira a m'makoleji a m'derali ngati uthenga wokoma. Tsamba lino silikutsutsa chikhumbo chimenechi, pakuti munthu amene wakhetsa thukuta ali ndi ufulu wogula chimene mtima wake wakonda. Koma popeza ndalama zake ndi zochuluka, ndipo zina mwa izo zidzachokera m'matumba a makolo ndi m'mabungwe a alimi, nkoyenera kuti chinthucho chiikidwe pa sikelo poyera, wogula ndi wogulitsa onse akupenya.

Kupepuka kumene kukutamidwaku ndi koona, ndipo kunachokera kutali. Mu 1981 ku America kunatuluka kompyuta yotchedwa Osborne 1, imene eni ake ankati ndi yonyamulika ngakhale kuti inkalemera makilogalamu oposa 10 ndipo inkaoneka ngati makina osokera ali m'bokosi lake. Mu Januwale 2008 Steve Jobs, mkulu wa kampani ya Apple, anaimirira pamaso pa khamu la anthu ku San Francisco nasolola kompyuta mu envulopu ya makalata. Imeneyo inali MacBook Air yoyamba, yolemera makilogalamu 1.36, ndipo mtengo wake unali madola 1,799. Anthu anaomba m'manja. Koma kuti makinawo aloŵe mu envulopu panachotsedwa zinthu zingapo: munalibe poika CD, munalibe bowo la chingwe cha intaneti, bowo la USB linali limodzi lokha, ndipo batire linatsekeredwa m'kati moti mwiniwake sakanatha kulisolola monga mmene anthu anazoloŵerera. Makampani ena ambiri anatsata njira yomweyo, ndipo lero laputopu yolemera kilogalamu imodzi ndi pang'ono si yachilendo.

Tsono kusiyana kwake nkotani? Laputopu yakale ya mu ofesi, ya mtundu umene umapezeka m'masitolo a katundu wa kaunjika ku Lilongwe ndi ku Limbe, imalemera makilogalamu aŵiri kapena aŵiri ndi theka. Yatsopanoyi imachotsapo pafupifupi kilogalamu imodzi, ndiye kuti paketi imodzi ya shuga. Kwa mlangizi amene amakwera ndi kutsika mapiri tsiku lonse chikwama chili kumsana, paketi ya shuga imamveka ndithu pofika madzulo. Kwa mphunzitsi amene nyumba yake yayang'anana ndi kalasi, kapena kwa mlembi wa bungwe amene kompyutayo idzagona m'kabati ya mu ofesi, kilogalamu imeneyi ilibe kanthu, ndipo sayenera kuilipirira ngakhale tambala.

Ubwino weniweni wa makina opyapyala uli pena, pamene amalonda a m'tauni satchulapo kaŵirikaŵiri chifukwa iwo sagona mumdima. Makina ameneŵa amadya magetsi ochepa kwambiri. Kalembera wa 2018 anapeza kuti mabanja pafupifupi 11 okha pa mabanja 100 alionse m'Malaŵi ndiwo ankaunikira nyumba zawo ndi magetsi a m'mawaya, ndipo ochuluka a iwo anali a m'mizinda. Ngakhale kumene mawaya a ESCOM anafika, anthu sanaiŵale chaka cha 2022, pamene namondwe wa Ana anaononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale, dziko nkutaya mamegawati pafupifupi 130 kufikira chaka chotsatira. M'dera lotere funso loyamba la kompyuta ndi lakuti idzakhala yoyaka maola angati magetsi atathima.

Pamenepa laputopu yatsopano imapambana moonekeratu. MacBook Air ya 2020, mwachitsanzo, imachajidwa ndi chaja cha mawati 30, pamene makina akale ambiri amafuna mawati 65 kapena 90. Batire lake limasunga mphamvu yongofanana ndi imene babu la mawati 10 lingadye m'maola asanu, komabe eni ake ankati likhoza kugwira ntchito maola 15 mpaka 18. Maola a m'chilengezo cha malonda ndi ofunika kuwachotsera, koma ngakhale atatsala theka lokha, ndi tsiku lathunthu la ntchito. Sola yaing'ono ya pa denga, imene sikanatha kudyetsa kompyuta yakale, ikhoza kudzaza batire lotere pa dzuŵa la masana amodzi. Ndipo amene anakhalapo ku Tsangano mu Juni ndi Julayi, pamene nkhungu imaphimba mapiri dzuŵa osaoneka masiku aŵiri kapena atatu, adziŵa kufunika kwa makina osawononga mphamvu imene yasungidwa.

Palinso chaja. Makina ambiri atsopano amachajidwa pa bowo la USB-C, lomwe lija la mafoni amakono, kotero kuti pawabanki yamphamvu ikhoza kuwadyetsa popanda kudzera mu inverter. Maiko a European Union anakhazikitsa lamulo lakuti kuyambira mu Epulo 2026 malaputopu atsopano ogulitsidwa kumeneko azikhala ndi bowo limeneli, ndipo popeza kaunjika wa maŵa ndi katundu watsopano wa lero, masiku ofunafuna chaja cha kamwa yakeyake m'misika akupita kumapeto. Makina ena opyapyala alibenso fani m'kati. Fani ndiye amakoka fumbi la mu Okutobala kuliloŵetsa m'mimba mwa kompyuta mpaka itayamba kutentha ndi kuzima yokha. Kusoŵa kwake ndi phindu kwa munthu wa kumudzi, ngakhale kuti makina opanda fani amachepetsa liŵiro akapatsidwa ntchito yolemera kwa nthaŵi yaitali.

Izi zonse ndi zokoma. Koma akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere, ndipo nyerere yoyamba ndi mtengo. Makompyuta onse amagulidwa kunja ndi ndalama zakunja. Kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, ndiponso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, pamene dola imodzi inachoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Pa mtengo wa tsiku limenelo, makina a madola 999, umene unali mtengo wa MacBook Air ya 2020 ku America, anali oyandikira K1,700,000 asanakwere ndege, asanalipiridwe msonkho, wamalonda asanaikepo phindu lake. Mlimi aliyense akhoza kuŵerenga yekha kuti ndi ndowa zingati za mbatata zimene ziyenera kutsika pa Tsangano Turn-off kuti ndalama imeneyi ikwane, ndipo akaŵerenga akumbukire kuti feteleza wa chaka chamaŵa adzachokera m'ndowa zomwezo.

Nyerere yachiŵiri ndiyo yaikulu, ndipo siioneka tsiku logula. Kuti makina apyapyale, amisiri a ku fakitale anasiya kumanga ziŵalo zake ndi masikuluwu nayamba kuziwotcherera ndi kuzimata. M'makina akale, RAM imakhala pa kachidutswa kamene mmisiri amakasolola ndi zala nkuikapo kena kokulirapo. Chosungira mafayilo nachonso chimatuluka, ndipo batire limachoka pongokankha kachitseko ka pansi. M'makina ambiri opyapyala RAM inawotchereredwa pa bolodi lalikulu, moti imene munthu wagula nayo ndi imene adzakhale nayo mpaka makinawo atatha. Mu MacBook Air ya masiku ano ngakhale chosungira mafayilo ndi chowotcherera. Bolodi likapsa, monga mmene zimachitikira magetsi akabwera mwamphamvu atathima kapena mphezi ikagwa pafupi, mayeso amene mphunzitsi anakonza, kaundula wa mamembala a bungwe ndi kafukufuku wa wophunzira wa chaka chomaliza zikhoza kupita limodzi ndi bolodilo.

Batire nalonso silikhala mpaka kalekale. Kampani ya Apple yomwe imanena kuti mabatire a makina ake anakonzedwa kuti azisunga magawo 80 pa 100 a mphamvu yawo akadzazidwa ndi kutha maulendo 1,000. Ndi chiŵerengero chabwino, koma chili ndi malire, ndipo tsiku losintha batire lidzafika. Munthu wa ku London tsiku limenelo amayenda mphindi zochepa kupita ku sitolo. Munthu wa ku Tsangano amakwera njinga yamoto kutsika mapiri mpaka pa msewu wa M1, akwere minibasi ya ku Lilongwe kapena ku Blantyre, akasiye makina kwa mmisiri amene mwina adzamuuza kuti chiŵalocho chiyenera kuitanitsidwa ku Johannesburg kapena ku Dubai. Akabwerera kumudzi adikire masabata, kenaka ayendenso ulendo womwewo kukatenga. Ndalama ya maulendo aŵiriŵa, ndi masiku amene ntchito yaima, siilembedwa pa kapepala ka mtengo, koma amalipira ndi wogula yemweyo.

Kuti kupyapyala kukhoza kupitirira muyeso, kampani ya Apple inaphunzira ndi ndalama zake. Kuyambira mu 2015 inaika m'makina ake mabatani olembera opyapyala kwambiri otchedwa butterfly. Kafumbi kakang'ono kakaloŵa pansi pa batani, chilembo chinkakana kutuluka kapena kutuluka kaŵiri, ndipo kukonza kwake nthaŵi zambiri kunkafuna kusintha chigawo chonse cha pamwamba. Mu 2018 kampaniyo inayamba kukonza mabataniwo kwaulere, pofika 2020 inawasiya, ndipo mu 2022 inavomera kulipira madola 50 miliyoni kwa ogula a ku America amene anaisumira. Ngati fumbi la m'maofesi osesedwa a ku California linachita zimenezi, woŵerenga aganizire za choko cha m'kalasi ndi za msewu wa dothi m'chilimwe.

Nyerere yachitatu ndi yaing'ono koma imaluma tsiku ndi tsiku. Makina ambiri opyapyala ali ndi mabowo aŵiri okha a USB-C. Fulashi imene aphunzitsi amabwerekana, pulintala ya mu ofesi ya ahedi ndi pulojekita imene sukulu inalandira kwa abwenzi akufuna kwabwino, zonsezi kaŵirikaŵiri zimafuna mabowo akale. Pamafunika kugula adaputa, ndipo adaputa ndi kanthu kosachedwa kusoŵa pa tsiku limene kakufunika.

Wina anganene kuti ngati zili tero, anthu angokhalira kaunjika. Yankho limeneli nalonso ndi lofulumira. Makina a kaunjika ambiri amafika batire litatopa kale, moti magetsi akathima nawonso amathima pasanapite ola. Kuwonjezera apo, kampani ya Microsoft inaika 14 Okutobala 2025 kukhala tsiku losiya kusamalira Windows 10 mwa nthaŵi zonse, ndipo Windows 11 imakana makina ambiri opangidwa chaka cha 2018 chisanafike. Amene agula kompyuta yakale kwambiri chifukwa chotchipa, nkumasungamo ndalama za bungwe kapena maina a ana a sukulu, akugula nyumba imene mwini maloko analeka kuikonzera zitseko. Ilipo njira yoikamo Linux, imene ndi yaulere ndipo imayenda bwino m'makina okalamba, koma imafuna munthu woidziŵa akhale pafupi.

Pakati pa mbali ziŵirizi pali makina amene tsamba lino likuona kuti ndiwo oyenera Tsangano. Ndi malaputopu a mu ofesi a zaka zaposachedwa, monga ena a mtundu wa ThinkPad, Latitude ndi EliteBook, olemera pafupifupi kilogalamu imodzi ndi theka, amene amachajidwa pa USB-C komanso ali ndi mabowo akale, ndipo pansi pake pamatseguka ndi masikuluwu wamba. Si onse a maina ameneŵa ali otero, pakuti ena mwa iwo nawonso anawotchereredwa RAM, kotero dzina lokha silokwanira. Kuti kupepuka ndi kukonzeka zikhoza kukhalira limodzi, kampani ya Framework ya ku America inaonetsa mu 2021 potulutsa laputopu ya makilogalamu 1.3 imene chiŵalo chake chilichonse chimasinthidwa ndi sikuludiraiva imodzi. Tsoka lake ndi lakuti ziŵalozo zili kutsidya kwa nyanja.

Mlangizi woyenda pansi, amene nyumba yake ili ndi sola yokha ndipo ndalama ndi zake, akagula makina opyapyala sanalakwe, malinga asunge mafayilo ake paŵiri ndi kupatula ndalama ya tsiku la batire. Koma komiti ya sukulu kapena bungwe la alimi, limene likugwira ndalama za anthu ambiri, silingakhululukidwe likagula laputopu imodzi yonyezimira pa mtengo umene ukanagula ziŵiri kapena zitatu zokonzeka, pamene ana a Fomu 4 olemba mayeso a Computer Studies akuphunzira kompyuta pa bolodi ndi choko. Nthumwi imene idzatumidwe ku Lilongwe ndi ndalama zotere isachite manyazi m'sitolo. Ifunse kuti batire latsopano limapezeka kuti ndipo ndi ndalama zingati, ifunse ngati RAM ndi chosungira mafayilo zimatuluka, ndipo wamalonda akayankha kuti inde, imupemphe atembenuze makinawo, atsegule pansi pake, aionetse ndalama zisanatuluke m'thumba.